CIMANGA COKANIDWA NDI CUKU CA M'NKHOKWE

M'caka ca 2002 mvula inabvuta m'Zambia, ndipo anthu oposa mamiliyoni 2 anali pa njala. A bungwe la World Food Programme anabwera ndi cimanga ca ku America kuti agawire anthu. Koma cimangaco cinali ca mtundu umene akatswiri anasintha cibadwa cace kuti mbozi zisamacidye, cimene anthu amati GMO. Mtsogoleri wa dziko, a Levy Mwanawasa, anati cimangaco ndi poizoni. Boma linatuma akatswiri ace kunja kukafufuza, ndipo m'mwezi wa October linacikaniratu, ngakhale cogaya. Maiko a Malawi, Mozambique ndi Zimbabwe analandira, malinga cigayidwe coyamba kuti munthu asacibzale.

Boma linatsata lamulo la kucenjera, lakuti cinthu catsopano cisaloledwe kufikira citadziwika kuti sicipweteka. Lamuloli limveka lanzeru, koma liri ngati sikelo ya mbale imodzi. Liyesa coipa cimene cingadze munthu akalandira, koma siliyesa coipa cimene cingadze akakana. Mwana wogona ndi njala sangayembekeze kuti akatswiri atsirize mtsutso wao. Ndiponso palibe cakudya cimene munthu angalumbire kuti ciribe bvuto konse. Ngakhale cinangwa cowawa cimapha ngati sicinabviikidwe. A World Health Organization ananena caka comweco kuti saona coopsa m'cimangaco, ndipo ku America anali atacidya kuyambira 1996.

Nzoona kuti boma linaopanso kuti mbeu yacilendo ikasakanizika ndi ya makolo, amalonda a ku Ulaya angakane zokolola za Zambia. Nzoonanso kuti cimanga cina cinapezeka, ndipo imfa zambiri zimene ena analosera sizinacitike. Koma a m'midzi anadikira miyezi, matumba ali cikhalire m'nyumba zosungiramo.

Tsono maganizo otere sakhala m'maofesi a ku Lusaka mokha. Ku Nabvutika, m'tauni ya Chipata, mai angakane ufa cifukwa wamva kuti ndi wa GMO, koma madzulo omwewo atendera ndiwo ndi nsinjiro za mtedza wofwifwa, wa madontho akuda. Samuopa cifukwa anakula akudya. Pamenepo mpamene pali poizoni weniweni, dzina lace aflatoxin, wocokera m'cuku cimene cimamera pa mtedza ndi cimanga zosauma bwino. Poizoniyu satha ndi moto: kukazinga kapena kuphika sikumcotsa. Wodya pang'onopang'ono zaka zambiri angadwale khansa ya ciwindi, makamaka ngati ali kale ndi nthenda ya ciwindi ya hepatitis B.

Za poizoniyu palibe mtsutso. Anadziwika pamene nkhukundembo zoposa 100,000 zinafa ku England m'caka ca 1960 zitadya cakudya ca mtedza wocokera ku Brazil. Ku Kenya m'caka ca 2004 anthu 125 anafa ndi cimanga ca cuku ca m'minda yao yomwe. M'Zambia muno, mu August 2024, nduna ya zaumoyo inalengeza kuti agaru pafupifupi 400 anafa ndi cakudya ca cimanga coipa cotere, ndipo poizoniyo anapezekanso mu ufa wa zigayo zina. Cinali cimanga cozolowereka, osati ca ku America ai.

Kum'mawa ndiko kwao kwa mtedza, umene a ku Chipata amati nshawa, ndipo mbiri ya Chalimbana inafika kale ndi ku migodi. Koma alimi ambiri amawaza madzi pa makoko kuti afewe posenda, nathira mtedzawo m'thumba usanaume. Wabwino amagulitsa, wonyala ndi wobooka amasiya wa pakhomo, ndiwo umalowa m'phala la ana. Wa ku Kitwe akalandira thumba locokera kumudzi amangoyamika, osayang'ana.

Anthu ambiri a ku Nabvutika alibe minda, amagula pa msika. M'nsinjiro zosinja kale diso silingaone kanthu. Alangizi a zaulimi amati ndi bwino kugula mtedza wathunthu, kuutandika pa licero padzuwa, ndi kutola wonyala, wakuda ndi wobooka. Wotolawo aukwirire pansi, asapatse nkhuku kapena nkhumba, pakuti nazonso zimadwala nawo.