MKAKA WA ANA ATHU UDZACOKERA KUTI?

Mau amene analankhulidwa pa msonkhano wa nthambi yathu, kwa anchito a ku Heavy Industrial Area ataweruka.

Kwaca! Ngwee!

A Ceyamani, amai ndi abambo, ndi inu abale amene mwaima kumbuyoko muli cibvalire maovolosi, tithokoza kuti mwabwera ngakhale muli otopa. Tidziwa kuti ena muli ndi ulendo wa pansi mpaka ku Kanyama, ena ku George ndi ku Matero, ndipo a ku Mtendere ndi Kalingalinga muyenera kukwera mabasi awiri. Cifukwa cace sitidzacurutsa mau. Nkhani yathu madzulo ano ndi ya mkaka.

Tamva ena alikuseka. Iwo ati, Kodi cipani casowa nkhani kuti ciyambe kulankhula za cakudya ca makanda? Sekani, abale, koma mukumbuke kuti mu 1954 makolo athu muno mu Lusaka anamenya nkhondo yaikuru pa nkhani ya nyama. Munthu wakuda sanali kuloledwa kulowa m'buchala. Anali kugulira pa kawindo ka kumbali, napatsidwa nyama yokulunga-kulunga imene sanaisankhe. Congress inati, Lekani kugula, ndipo azimai analeka. Iwo anadziwa kuti cakudya ca pa nyumba ndi nkhani ya ufulu.

Mseu wa Mungwi uli apo, nonse muudziwa. Mu mseu umenewo munali kubwera magalimoto a matanki m'mawa muli monse, kucokera ku Mazabuka, ku Monze ndi ku mafamu a kuno kufupi, kudzatsitsa mkaka pa fakitale ya Parmalat. Mbiri yace ndi iyi. M'nthawi ya atsamunda minda yabwino ya m'mbali mwa njanji inatengedwa ndi Azungu, eni dziko nakankhidwira ku ma Native Reserve, ndipo malonda a mkaka anali a mafamu a Azungu, kugulitsa ku mayadi. Mu 1964, caka ca ufulu wathu, Boma linakhazika Dairy Produce Board kuti igule mkaka ndi kuufikitsa kwa anthu a m'tauni. Board imeneyo inali ndi zolakwa zace, sitibisa, ndipo nthawi zina mkaka unali kusowa m'masitolo. Mu 1996 inagulitsidwa kwa Bonnita ya ku South Africa. Mu 1998 Bonnita inagulidwa ndi Parmalat ya ku Italy. Mu 2011 Parmalat inagwa m'manja mwa Lactalis ya ku France. Ndipo mu January 2025 Lactalis inalengeza kuti pa 31 March 2025 idzaleka kupanga zinthu muno mu Zambia, ndi kuti katundu wace azibwera wopangidwa kale kucokera ku South Africa.

Taonani ulendo wace: Lusaka, South Africa, Italy, France. Pa kugulana konseko mlimi wa ku Magoye sanafunsidwe, ndipo mai wa ku Chawama amene amagula kapaketi ka mabisi sanafunsidwe. Sitinena kuti kampani inaswa lamulo. Kampani imawerenga mabuku ace, ikaona kuti phindu liri kwina imapita kwina. Cimene tifunsa ndi cakuti ife eni ace tinali kuti zaka zonsezi, kuti mphika wathu ugwiridwe ndi munthu wokhala kutsidya kwa nyanja.

Ena a ife tinagwirapo nchito ya ukalaliki ku migodi, ndipo tinaona kutsekedwa kwa nchito ndi maso athu. Ncinthu cowawa. Koma mgodi ukatsekedwa mkuwa umakhalabe pansi, sumabvunda, umadikira mpaka mtengo udzakwere. Ng'ombe sidikira. Iyenera kukamidwa m'mawa uno ndi madzulo ano, kaya wogula alipo kaya palibe. Mukaleka kuikama imadwala bere ndi kuuma. Mlimi akasowa msika kwa miyezi iwiri kapena itatu amagulitsa ng'ombeyo kwa a buchala, ndipo kuti thole lobadwa lero lidzayambe kupatsa mkaka papita zaka ziwiri ndi theka kapena zitatu. Alipo ena ogula mkaka, monga Zambeef ku Chisamba ndi Finta ku Livingstone, ndi ena muno mu Lusaka, ndipo tiwafunira zabwino. Koma wogula wamkuru mmodzi akacoka, otsalawo ndiwo amachula mtengo, mlimi nangobvomera.

Tsopano tiyeni tinene zoona za mbali yathu, pakuti si bwino kuloza cala kwa alendo okha. Bvuto lalikuru la mkaka m'dziko lino ndi cilimwe. Kuyambira December mpaka April msipu ndi wambiri, ng'ombe zikhuta, mkaka usefukira, mtengo nugwa. Kuyambira August mpaka mvula yoyamba udzu wauma, ndipo umene watsala anyamata osaka mbewa amautentha. Tiyerekeze ng'ombe imene ipatsa malita 10 pa tsiku mu February. Ikafika mu October yosadyetsedwa bwino, mwina ipatsa malita 3 kapena 4. Tsono ganizani inu amene mumagwira nchito pa makina. Fakitale yamangidwa kuti ilandire mkaka wa February. Mu October makina omwewo, anchito omwewo, magetsi omwewo, koma mkaka ndi theka kapena kucepera. Mwini fakitale adzacita ciani? Adzaitanitsa mkaka wa ufa kucokera kunja, pakuti kilo imodzi ya ufa ipanga pafupi-fupi malita 8, ndipo ufa subvunda m'nkhokwe. Akazolowera ufa, tsiku lina adzafunsa kuti mlimi wa ku Monze ali naye nchito yanji.

Mankhwala ace a bvuto limeneli si acilendo iai. Ndi kumweta udzu mu March ukali ndi mphamvu, kuuyanika ndi kuusunga pa mthunzi monga timasungira cimanga m'nkhokwe. Ndi kudula cimanga cikali caciwisi, kucisindira m'dzenje ndi kucikwirira kuti mpweya usalowe, ndipo cimakhala miyezi yambiri cosaonongeka. Ndi kusonkhanitsa mapesi ndi masamba a nshawa m'malo mowasiyira moto, kubzala kalongonda ndi mitengo ya lukina, ndi kubweza ndowe za m'khola ku munda kuti nthaka isafe. Zimenezi zimaphunzitsidwa ku Palabana ndi ku Batoka. Ndipo pali mau amodzi amene acikulire athu sakonda kumva: ng'ombe zitatu zokhuta ziposa ng'ombe khumi ndi zisanu zanjala zimene zimadya dambo mpaka fumbi. Tidziwa kuti kwa Mtonga, Mwila ndi Mngoni khola lodzala ndi ulemu, ndiponso ndi banki ya pa nthawi ya maliro ndi cikwati. Sitinyoza mwambo umenewo. Koma dambo silikula, ndipo anthu ndi ziweto zirikucuruka.

Pano mpamene nkhani ikhudza inu a mu Industrial Area. Inu a ku zigayo, gaga amene mumasesa ndi cakudya ca ng'ombe. Inu a ku fakitale ya mowa, masese amene amaturuka pa geti ndi cakudya ca ng'ombe. Inu a ku mafuta ophikira, zotsala za mpendadzuwa ndi soya mukafinya ndi cakudya ca ng'ombe. Mkaka wa October umayambira m'manja mwanu, ngakhale ambiri a inu simunagwirepo bere la ng'ombe. Ndipo tipempha kuti gaga wonyowa ndi wa cuku asaturuke pa geti. Mukumbuka mu August 2024 pamene Boma linalengeza kuti agalu pafupi-fupi 400 anafa ndi ululu wa cuku wa m'cimanga, wochedwa aflatoxin. Ng'ombe ikadya gaga wotere, gawo la ululu umenewo limaturukira mu mkaka, ndipo kuwiritsa sikuucotsa.

Caka cimeneco ca 2024 cinatiphunzitsa zambiri. Pa 29 February President Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala casanduka tsoka la dziko lonse, cimanga ca mahekitala pafupi-fupi miliyoni imodzi citapsa m'minda. Cigawo ca Kumwera, kumene kuli ng'ombe zambiri, ndico cinapsa koposa. Ng'ombe ya mkaka wambiri imamwa malita 60 mpaka 100 pa tsiku. Amai a ku Kanyama, inu amene mumaima pa mzere wa pampopi, werengani nokha: zigubu za malita 20 zitatu mpaka zisanu, ng'ombe imodzi, tsiku limodzi. Madamu ataphwa, alimi anali kuyenda nazo mitunda kufuna madzi, ndipo ng'ombe yoyenda mtunda sipatsa mkaka.

Pambuyo pace madzi anacepa ku Kariba, ndipo pofika September m'malo ambiri magetsi anali kubwera maola atatu okha pa tsiku. Ife m'komboni tinadandaula za mafoni ndi mafiriji. Koma mkaka ukakamidwa uyenera kuziziritsidwa msanga, pasanapite maola atatu kapena anai, kufika pa madigiri 4; mukacedwa usasa. Mlimi amadzuka usiku, akama, amanga citini pa njinga, apalasa mpaka ku depoti ya kopaletivu. Kumeneko amaupima ngati uli bwino ndi ngati sanathiremo madzi, nauthira mu tanki yozizira. Magetsi akapita tanki imeneyo ifuna dizilo, ndipo ndalama ya dizilo imadulidwa pa mtengo wa mlimi yemweyo. Nanga si zomvetsa cisoni, abale? Anthu a ku Gwembe okwana 57,000 anasamutsidwa pamene damu la Kariba linali kumangidwa, kuyambira 1955 mpaka 1959, kuti migodi ndi mafakitale apeze magetsi, ndipo mu 2024 adzukulu a Atonga omwewo anali kusowa magetsi a tanki imodzi ya mkaka. Dzuwa limene linapsereza msipu likhoza kuyendetsa tanki imeneyo ndi mjigo womwe, ngati depoti iri yonse ikhala ndi sola. Za matenda sitinenapo zambiri. Ali yense wa Kumwera adziwa mmene denkete inathera makola pamene madibi analeka kugwira nchito.

Wina adzati, Ine ndine wa malipiro ocepa, ngati mkaka wa kunja uli wochipa ndidzagula umenewo. Sitikutsutsani, mbale. Thumba lanu tilidziwa, ndi limodzi ndi lathu, ndipo m'nyumba zambiri za ku George tiyi amamwa wopanda mkaka mwezi wonse. Koma mkaka wa kunja umagulidwa ndi ndalama za kunja. Kwaca ikagwa, mtengo wace umakwera usiku umodzi, ndipo ngati pa nthawi imeneyo ng'ombe za kuno zinapita kale ku buchala, mudzathawira kuti? Ndiponso paketi yobwera pa Chirundu yadzazidwa kale, siifuna wa makina, siifuna wotsuka matanki, siifuna dalaivala wa ku Mazabuka. Anthu amenewo ndi anansi anu.

Ku India kunacitika cinthu cimene tiyenera kucidziwa. Mu 1946, dziko lao likali pansi pa Angelezi, alimi a ku Kaira anatopa ndi kampani imodzi yochedwa Polson, imene inali ndi mphamvu yokha yogula mkaka wao wopita ku Bombay. Analeka kupereka mkaka masiku 15, ndipo anapanga kopaletivu yao m'tauni ya Anand. Ambiri anali ndi njati imodzi kapena ziwiri cabe. Sanalekere pa kusonkhanitsa mkaka. Anamanga fakitale yao-yao, naphunzira kupanga ufa pa nthawi imene mkaka wacuruka kuti usatayike. Kopaletivu imeneyo ndiyo Amul, ndipo India lero ndilo dziko lopambana onse pa kucuruka kwa mkaka. Makopaletivu athu a ku Magoye, Monze ndi Choma afika pa tanki yozizira. Pa tanki pomwepo mpamene ambiri aima, kudikira galimoto ya munthu wina.

Iwo ali ndi ng'ombe, ife tiri ndi pakamwa. Lusaka ali ndi anthu oposa mamiliyoni awiri, ndipo ambiri ali m'makomboni. Mkaka ulikulowa kale m'makomboni mwathu, wa m'zigubu ndi m'mabotolo, wina wabwino, wina wothira madzi a pa citsime, ndipo inu amene munaona kolera ya 2017 ndi ya 2023 mudziwa cimene madzi otere amabweretsa. Amai, mkaka wosadziwika kumene wacokera muziuwiritsa nthawi zonse, pakuti cifuwa cacikuru ca ng'ombe ndi matenda opoloza ng'ombe amalowa mwa munthu kudzera mu mkaka wauwisi.

Cimene komiti ya nthambi iganiza ndi ici. Mabanja a m'cigawo cimodzi alembetse, anene malita amene angathe kugula pa sabata, ngakhale theka la lita. Tikadziwa ciwerengero tidzatuma anthu awiri kukalankhula ndi kopaletivu imodzi ya kufupi, kumbali ya Palabana kapena Chisamba, kuti tipangane mtengo umodzi wa caka conse, wosagwa mu February ndi wosakwera mu October, kuti mlimi adziwe kuti akasunga udzu sadzataya mphamvu zace pacabe. Kwa makhansala tidzapempha malo pa msika oikapo tanki yozizira ndi sola yace, ndipo a zaumoyo azibwera kudzapima mkaka. Kwa aphungu athu a ku Nyumba ya Malamulo tidzafunsa kuti mkaka wa ufa ndi wa m'mapaketi wolowa m'dziko ndi wocuruka bwanji pa caka, ndipo msonkho wace ndi wotani. Ayankhe ndi manambala, pa msonkhano, pamaso panu.

Mlembi wa nthambi ali pa thebulo apo ndi buku. A ku Kanyama ndi Chawama ayambe, pakuti kwao nkutali ndipo kwayamba kuda. Amene munagwirapo nchito ya mkaka, wa makina kapena wopima, musapite musanaonane ndi a Ceyamani; tifuna maina anu pa tsamba lapadera.