Bwato Limabadwira Kumtunda

Mtsinje wa Bua umayambira kuno ku Mchinji n'kukathira m'nyanja ya Malawi m'boma la Nkhotakota, komwe m'chaka cha 1863 David Livingstone adapeza amisiri a Jumbe akukhoma chombo chamatabwa.

Kunyanjako, kutsitsira bwato latsopano m'madzi si ntchito ya munthu mmodzi, pakuti mutu umodzi susenza denga. Akuluakulu amayamba athira nsembe ya ufa kwa makolo. Kenaka amuna amayala mitengo pamchenga n'kulikokera pamenepo mpaka litayandama, amayi akuimba nthungululu.

Komatu bwato limasemedwa kuchokera ku mtengo umodzi waukulu, monga mbawa, ndipo mitengo yotere ikutha. Choncho aliyense wosamala nkhalango ya Mchinji akuteteza gwero la Bua, komanso akusungira ana a asodzi mwambo wa makolo awo.