Kachipangizo ka Fodya Kali ndi Loko, Nanga Mlimi Akumuteteza Ndani?

(Mawu amene adalankhulidwa kwa mamembala pa msonkhano wa alimi ku Liwaladzi, m'boma la Nkhotakota)



Lero ndikufuna tikambirane za kachipangizo kamene ambiri a ife sitinakaonepo, koma kakukhudza thumba la mlimi. M'chaka cha 2014, kampani ya Philip Morris International idayamba kugulitsa kachipangizo kotchedwa IQOS mumzinda wa Nagoya ku Japan ndi wa Milan ku Italy. Pambuyo pake British American Tobacco idatulutsa glo, ndipo Japan Tobacco ili ndi Ploom. Tizipangizoti sitiyatsa fodya ngati ndudu ayi. Munthu amalowetsamo kandodo ka fodya, batire n'kumatenthetsa fodyayo osapitirira madigiri 350, pamene moto wa ndudu umaposa madigiri 600.

Tsono chinthu chotentha chotere, chokhala m'thumba la thalauza pamodzi ndi ndalama ndi makiyi, chikhoza kuyaka chokha n'kuvulaza munthu. Amakampani adaiganizira ngozi imeneyi. Pa tizipangizo tambiri, kungokhudza batani sikokwanira. Umayenera kulidina kwa masekondi angapo kuti kayake. Tina tili ndi loko woti ukhoza kutsekeratu ukakhala pa ulendo. IQOS imazima yokha pakatha mphindi pafupifupi 6 kapena munthu akakoka ka 14. Muli kakompyuta koyang'anira kutentha kuti kusapyole muyeso. Nalo bungwe loona za maulendo a ndege padziko lonse la ICAO lidaletsa m'chaka cha 2015 kuika ndudu za batire m'katundu wopita kunsi kwa ndege poopa moto.

Musandimve molakwa. Sindinabwere kudzatsatsa malonda a anthu. Bungwe la zaumoyo la WHO likunena kuti fodya wotenthetsayu ndi fodya ndithu, ndipo amaononga moyo. Chimene ndikufuna muone n'chakuti makampaniwa akafuna kuteteza munthu, nzeru ndi ndalama zimapezeka. Sadauze wosuta kuti "uzisamala" n'kumusiya choncho. Chitetezo adachimangira m'kati mwa katunduyo, ndipo adalipira okha.

Nanga mlimi amene amalima tsambalo? Chigafa cha fodya wa bale ndi mitengo ndi udzu. Mwana akadutsa ndi chikuni cha moto, thukuta la chaka chonse latha, ngongole ya feteleza n'kutsala. Wothyola fodya wonyowa ndi mame amalowedwa chikonga kudzera pakhungu, n'kuyamba chizungulire, mutu ndi kusanza. Lipoti la bungwe la Plan la m'chaka cha 2009 lidaonetsa kuti ana ogwira ntchito m'minda ya fodya m'Malawi muno ankatha kulowedwa chikonga chofanana ndi kusuta ndudu 50 pa tsiku. Loko wa anthu amenewa ali kuti?

Wina anena kuti ife kuno kunyanja timadalira nzimbe, mpunga, chinangwa ndi nsomba, za fodya n'za anzathu a kumtunda ndi ku Kasungu. Koma moto umapita kumene kwatsala tchire. Nonse mukudziwa zimene zimachitika moto wosaka mbewa kapena kotsalira ka ndudu kakagwera m'munda wa nzimbe nthawi yodula isanakwane, mwera uli m'kati. Nzimbe yopsa sidikira. Ikachedwa kufika ku fakitale ku Dwangwa, shuga wake amatsika, ndipo ndalama ya mlimi imatsika nayo limodzi. Choncho nkhani ya mlimi wa fodya ndi ya mlimi wa nzimbe ndi imodzi: ngozi ikagwa, asenza ndani?

Palinso nkhani ya msika. Kandodo ka m'tizipangizoti kamalowa fodya pafupifupi theka la amene amalowa mu ndudu. M'chaka cha 2024, pafupifupi K40 pa K100 iliyonse imene Philip Morris idapeza idachokera ku katundu wosafuka utsi, ndipo kampaniyi idalengeza kuti ikufuna kupitirira magawo awiri mwa atatu pofika 2030. Ogula akusintha njira. Mlimi wongoyang'ana ku Kanengo ndi ku Chinkhoma osakonza pothawira, tsiku lina adzagwira njakata.

Kaamba ka ichi, ife monga bungwe tiime pa mfundo zinayi.

Choyamba, kontirakiti iliyonse, ya fodya kapena ya nzimbe, izinena poyera za magolovesi, majombo ndi zovala zodzitetezera popopera mankhwala, ndiponso amene alipire zimenezi.

Chachiwiri, izinena za inshulansi ya moto, matalala ndi madzi osefukira. Ngati akukudulani ndalama ya inshulansi, funsani pepala losonyeza kuti mudzalandira zingati ngozi ikagwa. Kontirakitiyo ikhale m'Chichewa, ndipo musasaine musanaiwerengere limodzi ku kalabu. Safunsa adadya phula.

Chachitatu, boma likwaniritse zimene lidavomera. M'chaka cha 2023 dziko lathu lidalowa m'pangano la WHO lochepetsa kusuta fodya. Gawo 17 la panganoli likulamula maboma kuthandiza alimi kupeza mbewu zina zopindulitsa, ndipo gawo 18 likunena za kuteteza moyo wa anthu ndi chilengedwe kumene kukulimidwa fodya. Tikufuna tione zimenezi mu bajeti ya unduna wa zamalimidwe: misika yodalirika ya soya ndi mtedza, masikimu a mthirira a mpunga wathu, ndi ngongole za chiwongoladzanja chochepa. Tiwafunse aphungu ndi makhansala athu, komanso a Tobacco Commission.

Chachinayi n'cha ife eni. Tilambule m'mphepete mwa minda ndi mozungulira zigafa udzu usanaume. Chigafa chisayandikane ndi khitchini. Ana akhale kusukulu, osati kothyola kapena kusoka fodya. Mafumu athu, tithandizeni kukhwimitsa malamulo a m'mudzi pa anthu otentha tchire mwachisawawa.

Mlimi mmodzi akadandaula, amangomuuza kuti abwere mawa. Kalabu yonse ikalemba kalata, amayankha. Choncho apampando, pa msonkhano wanu wotsatira lembani ngozi za moto zonse zimene zidagwa m'dera lanu nyengo yapitayi, zimene zidaonongeka ndi amene adalipira, ndipo mutumize ku ofesi ya bungwe. Umboni umenewo ndi umene tikapite nawo pokakambirana ndi ogula mbewu zathu.