Mwana akamalephera kuimika mutu, tisachedwe

 Ndabwera ndi nkhani ya khosi la mwana.

Mwana amayamba kuimika mutu payekha akamafika miyezi 4. Koma alipo ana ena amene mutu wawo umangogwera kumbuyo kapena pachifuwa ngakhale miyezi ipite. Chimodzi mwa zifukwa zake ndi vuto lomwe achipatala amalitcha cerebral palsy, kutanthauza kuvulala kwa ubongo mwana ali m'mimba, pobadwa kapena ali wakhanda. Kubanika pobadwa, kubadwa masiku asanakwane, chikasu chachikulu, malungo a muubongo ndi matenda oumitsa khosi ndi zina mwa zimene zimalibweretsa. Si ufiti, si kulakwa kwa mayi, ndipo silipatsirana.

Khosi likakhala lofooka, mwana amavutika kukhala pansi, kuyang'ana anthu ngakhalenso kumeza. Phala likalowera njira ya mpweya limatha kuyambitsa chibayo. N'chifukwa chake madokotala a mafizo amalimbikira kwambiri pa khosi.

Pofuna kudziwa ngati mafizowo akugwira, akatswiri ofufuza amagwiritsa ntchito makina otchedwa EMG. Amamata tizitsulo ting'onoting'ono pakhungu la khosi popanda kubaya. Mnofu uliwonse ukamakoka umatulutsa mphamvu yochepa ya magetsi, ndipo makinawo amaionetsa pa kompyuta. Motero amaona mnofu umene ukugwira ntchito, mbali imene yafooka, ndi kagonedwe kamene kakudzutsa minofuyo. Mwana akagona chafufumimba n'kumadzutsa mutu, imagwira ndi minofu ya kumbuyo kwa khosi. Akamadzutsidwa kuchokera chagada, imagwira ndi ya kutsogolo.

Pakhomo muyeso wake ndi maso a kholo. Mwana ali maso, mugonekeni chafufumimba, chitenje chokulunga chili pansi pa chifuwa, ndipo muwerenge nthawi imene mutu ukukhala m'mwamba. Zimene mwaona mukawauze a mafizo. Pomudyetsa, mukhazikeni tsonga mutu uli wochirikizidwa, osati atagona.

Ubongo wovulalawo subwerera mwakale, koma vutoli silikulirakulira, ndipo mwana woyamba mafizo msanga amaphunzira zambiri. Akatswiri ake tili nawo: sukulu ya ukachenjede ya Kamuzu University of Health Sciences imawaphunzitsa, ndipo ku Blantyre kuli chipatala cha mafizo cha Kachere.

Pempho langa lili patatu. Amayi, mukaona zizindikirozi kauzeni mlangizi wa zaumoyo ku sikelo kuti akutumizeni ku chipatala cha boma. Abambo, musathawe banja chifukwa cha mwana wotere, perekezani akazi anu ku mafizo. Mafumu athu, musalole kuti mwana abisidwe m'nyumba m'mudzi mwanu.

Pa 6 Okutobala dziko lonse lapansi limakumbukira anthu a cerebral palsy. Tsikulo lidzatipeze ana onse otere a m'wodi muno ataonedwa ndi achipatala.