Dima la Makina Owerengera

 Madzulo ano tikamba za makina owerengera, amene dzina lao ndi makompyuta, ndi momwe anthu anaphunzirira kuwagwirizanitsa pa nchito imodzi.

Munthu akakhala ndi munda waukuru, angathe kufuna mnyamata mmodzi wamphamvu zoposa, kapena angaitane dima. Akatswiri a makompyuta anayesa njira zonse ziwiri, ndipo imene inapambana ndi ya dima. Atenga makina ambiri nawalumikiza ndi mawaya, kuti agawane nchito ndi kuoneka kwa mwini wace ngati makina amodzi. Gulu lotere pa Cingerezi amati cluster. Ubwino wace ndi wakuti makina amodzi akafa, anzace apitiriza nchito. Ndipo nchito ikakula, mwini angoonjezapo ena.

Nzeru imeneyi inakula pang'onopang'ono ku America. M'caka ca 1977 kampani ya Datapoint inayamba kugulitsa makina olumikizana mwa njira yace ya ARCnet. Patapita zaka zowerengeka kampani ya Digital Equipment inaturutsa VAXcluster, imene mabungwe ambiri anagula. Koma zonsezi zinali za mtengo wapatali.

Cinthu cinasintha m'caka ca 1994. Thomas Sterling ndi Donald Becker, pogwira nchito ku NASA, anatenga makompyuta wamba 16, onga amene munthu aliyense akadagula m'sitolo, nawalumikiza, naikamo Linux imene sailipiritsa. Gulu laolo analipatsa dzina lakuti Beowulf. Kuyambira pamenepo masukulu akuru a ndalama zocepa anatha kudzimangira okha makina amphamvu.

Komatu dima liri ndi malire ace. Gene Amdahl anasonyeza m'caka ca 1967 kuti m'nchito iriyonse muli mbali yosagawika, imene iyenera kucitika motsatana. Mbali imeneyo ikakhala gawo limodzi mwa magawo 10, ngakhale mubweretse makina 1,000 simungafulumize nchitoyo koposa kakhumi. Anthu angalimitsane munda tsiku limodzi, koma sangafulumize cimanga kuti cikhwime. Bvuto lina ndi lakuti makina akacuruka ataya nthawi pouzana zimene apeza. Cifukwa cace m'caka ca 1994 akatswiri anapangana lamulo limodzi lotumizirana mauthenga, lodziwika ndi dzina lakuti MPI.

Makina amphamvu a masiku ano amangidwa motero. Frontier, ya ku Oak Ridge, inamangidwa ndi makina oposa 9,000, ndipo m'caka ca 2022 inazindikirika kuti ndiyo yofulumira koposa zonse pa nthawiyo. Kuno kumwera kwa Africa, ku Cape Town anatsegula Lengau m'caka ca 2016, yothandiza ofufuza za sayansi.

Tsono mukamva za makina amphamvu, musafunse kokha kuti ndi angati. Funsaninso kuti nchitoyo aigawa bwanji. Tsalani bwino.