Banja la pa Ulendo: Mary ndi David Livingstone



Madzulo ano ndifuna kukamba nanu za banja la pa ulendo. Akulu anati kuyenda awiri si mantha, ndipo ambiri a ife tidziwa mwamuna ndi mkazi amene moyo wao uli pa mseu. Amakwera basi ya ku Johannesburg kudzera pa Mwanza, Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge kukagula katundu wa malonda, ana atatsala ndi agogo, ndipo kumudzi amaoneka pa Khirisimasi kapena pa maliro. Moyo wotere sunayambe lero ai. Kuti tiuone bwino, tiyeni tibwerere ku banja limene dzina lace tonse tilidziwa, koma nkhani yace ambiri tinaimva mbali imodzi yokha.

Dzina la David Livingstone liri pa mzinda wa Livingstone, pafupi ndi mathithi a Mosi-oa-Tunya, liri pa mishoni ya Livingstonia, ndipo mzinda wa Blantyre unachedwa dzina la mudzi wa ku Scotland kumene iye anabadwira m'caka ca 1813. Koma za mkazi wace, Mary, sukulu sizinatiuze zambiri.

Mary anali mwana wa Robert Moffat, mbusa wa mishoni ya Kuruman. Anabadwira ku Griquatown, m'dziko la South Africa, m'caka ca 1821, nakulira pakati pa anthu a Citswana, nalankhula cinenero cao kuyambira ubwana. Ku Ulaya anakhalako zaka zocepa pamodzi ndi makolo ace, kuyambira 1839 kufikira 1843. Cimeneci ticigwire bwino, pakuti nkhani yonse yagona pamenepo: kwao kwa mwamuna kunali ku Scotland, koma kwao kwa mkazi kunali ku Kuruman.

M'caka ca 1844 mkango unagwira David ku Mabotsa ndi kumuphwanya mkono wamanzere. Anapita ku Kuruman kukacira, ndipo kumeneko anafunsira Mary mbeta. Anakwatirana mu January 1845. Pa zaka zitatu anamanga nyumba zitatu, ku Mabotsa, ku Chonuane ndi ku Kolobeng, kwa mfumu Sechele wa Akwena, m'dziko limene lero ndi Botswana. Sitolo kunalibe. Mary ankapanga yekha sopo ndi makandulo, ankaphika buledi m'ng'anjo yokumba m'culu, ndipo ankaphunzitsa ana ang'ono sukulu. Atabadwa mwana woyamba, Robert, anthu a kumeneko anamucha Ma-Robert, monga ifenso timaitanira mai ndi dzina la mwana wace.

Koma ku Kolobeng kunagwa cilala ca zaka zingapo, mtsinje unaphwa, ndiponso Mabunu a ku Transvaal anali kuopseza Akwena. David anaika mtima wace kumpoto, tsidya lija la cipululu ca Kalahari, kumene anamva kuti kuli mitsinje yosaphwa. M'caka ca 1849 anafika pa nyanja ya Ngami, mkazi atatsala. M'caka ca 1850 anabwererako ndi banja lonse. Cifukwa cace cinali comveka ndithu: anafuna kukakhazikitsa mudzi wa mishoni, ndipo mfumu ikaona mlendo wabwera ndi mkazi ndi ana, imadziwa kuti sanadzere nkhondo. Dzina la Moffat nalonso linali lolemekezeka m'maiko amenewo, tsono mwana wace anali ngati kalata yotsegula njira.

Taganizani za moyo wa m'gareta lokokedwa ndi ng'ombe. Garetalo ndilo linali cipinda cogona, nkhokwe ndi cipatala comwe. Pa mcenga ng'ombe zimayenda pang'onopang'ono, ndipo ulendo wonse umayesedwa kucokera pa citsime cina kufikira pa cinzace. Kumpoto kunali nchenche za kashembe zimene zimapha ng'ombe, ndipo ng'ombe zikafa gareta laima. Mary anayenda ulendo umenewo ali ndi pakati, ndi ana atatu, wamkulu wa zaka zinai. Pa Ngami ana awiri anadwala malungo, ndipo banja linabwerera msanga. Atangofika ku Kolobeng anabala mwana wamkazi, Elizabeth, amene anakhala ndi moyo masabata 6 okha. Mary mwini anadwala kolimba, mbali imodzi ya nkhope yace inafa mphamvu, ndipo anapita naye ku Kuruman kwa amace.

Uku ndiko kunali kuceza kwao kwa Mary. Nthawi zambiri sankapita kwao kukakondwa, koma kukacira kapena kukabala. Mai Moffat ataona mmene mwana wao anaonongekera, nakumva kuti ulendo wina uli kukonzeka, analembera mkamwini wao kalata ya mau olimba, kumuletsa kuti asatengenso mkazi ndi ana. David sanamvere. Mu April 1851 ananyamukanso, pamodzi ndi bwenzi lao William Oswell, Mary alinso ndi pakati. Pakati pa cipululu wotsogolera njira anasokera nathawa, madzi a m'gareta anatha, ndipo ana analira ndi ludzu masiku anai. Madzi anapezeka tsiku lacisanu. David analemba pambuyo pace kuti mkazi wace sanamudzudzule konse, ngakhale misozi inali m'maso mwace. Anafika pa mtsinje wa Chobe kwa mfumu Sebituane wa Amakololo, amene anawalandira bwino, koma anamwalira patangopita masabata ocepa. David ndi Oswell anapitirira mpaka anaona Zambezi pa Sesheke. Pobwerera, mu September, Mary anabalira mwana wamwamuna m'njira, pa thengo, ndipo anamucha William Oswell.

Apa David anaona kuti malungo a ku Zambezi adzamuthera banja. Anaganiza zotumiza mkazi ndi ana kwao. Koma kwao kwa yani? Mu April 1852 Mary ndi ana anai anakwera sitima ku Cape Town kupita ku Britain, dziko limene anawo sanalionepo. David anati adzawatsata patapita zaka ziwiri. Zinapita zaka zinai ndi theka.

Zaka zimenezi ndizo zinali zowawa koposa cipululu. Mary anafikira kwa apongozi ace ku Hamilton, anthu a miyambo ina, amene sanamudziwe kale. Sanamvane, ndipo patapita miyezi yocepa anacoka. Anayamba kusamukasamuka ndi ana m'nyumba za lendi m'mizinda ya ku England. Ndalama zimene bungwe la London Missionary Society linkapereka sizinkakwanira, nyengo yozizira inamudwalitsa, ndipo akanasowa pogwira cikhala kuti banja la a Braithwaite a ku Kendal silinamusunge. Makalata a mwamuna wace ankatenga miyezi yambiri, ndipo nthawi zina kunkamveka mbiri yakuti wafa. Nyumba yao ya ku Kolobeng nayo inapasulidwa ndi Mabunu m'caka comweco ca 1852. Mkazi amene ankadziwa kutsogolera gareta m'cipululu anasanduka wopempha m'dziko limene anthu ankati ndi kwao.

M'zaka zomwezo David anafika ku Luanda mu 1854, anaona mathithi a Mosi-oa-Tunya mu November 1855, nafika ku Quelimane mu May 1856, atadutsa Africa kucokera ku nyanja ya kumadzulo kufikira ya kum'mawa. Anafika ku England mu December 1856. Atate wace anali atamwalira caka comweco iye ali m'njira. Dziko lonse linamulandira ndi ulemu waukuru. Koma taonani kuceza kwace kwa kumudzi kunali kotani. Miyezi yambiri inatha ali kulemba buku la maulendo ace, limene linasindikizidwa mu 1857, ndipo ina inatha ali kulankhula pa misonkhano, monga uja wa ku Cambridge umene unabala mishoni ya U.M.C.A. Bukulo linabweretsa ndalama, umphawi wa banja unatha. Koma ana anamuona atate wao monga mame a m'mawa, amene sacedwa kukamuka.

Mary anatsimikiza mtima kuti sadzatsalanso. Mu March 1858 anakwera sitima pamodzi ndi mwamuna wace kupita ku Zambezi. Ali pa nyanja anazindikira kuti ali ndi pakati. Anatsikira ku Cape Town, napita ndi makolo ace ku Kuruman, kumene anabala Anna Mary mu November. David anamva za kubadwa kwa mwanayo patapita pafupifupi caka. Kasitima kamene iye anayenda nako pa mtsinje wa Shire mu 1859, caka cimene anafika pa nyanja ya Chilwa ndi pa nyanja yathu yaikuru, kanali ndi dzina lakuti Ma-Robert. Dzina la mkazi linayenda pa Shire, mwini wace ali kutali.

Mary anabwerera ku Scotland, koma mtima wace sunakhazikike. Mu 1861 anasiya ana onse m'manja mwa ena, ngakhale wamng'ono uja wosakwana zaka zitatu, nauyamba ulendo wotsata mwamuna wace. Anafika pa mathiriro a Zambezi kumapeto kwa January 1862. Anadza pamodzi ndi akazi ena awiri, mlongo wa Bishopo Mackenzie wa ku Magomero ndi mkazi wa mbusa Burrup. Awiriwa atakwera Shire anapeza kuti Bishopo anamwalira ndi malungo pafupi ndi pamene Ruo athira mu Shire, m'masiku omwe iwo anali kufika, ndi kuti Burrup nayenso anamutsata. Mary anapeza mwamuna wace ali moyo, ndipo anakhala pamodzi miyezi itatu. Nchito yonyamula zitsulo za sitima yatsopano, Lady Nyassa, inawacedwetsa m'zigwa za kumunsi kwa Zambezi pa nyengo ya malungo. Mary anadwala, mimba yace inakana mankhwala a kwinini, ndipo anamwalira pa Shupanga, pamene lero acha Chupanga m'dziko la Mozambique, tsiku la Sabata, 27 April 1862, ali ndi zaka 41. Anamuika pafupi ndi mtengo waukuru wa mlambe, ndipo manda ace alipo kufikira lero.

David anabwereranso ku Britain kamodzi kokha, mu 1864. Pamenepo ndi pamene anaona Anna Mary koyamba, mwana ali ndi zaka 5. Robert, mwana wacisamba uja, anali atapita ku Natal kufuna atate wace, osawapeza, ndipo anathera ku America, kumene anafera m'ndende ya asilikali ogwidwa pa nkhondo ya paciweniweni, kumapeto kwa caka comweco. David anamwalira pa mudzi wa Chitambo, m'dziko la Zambia, mu May 1873. Mtima wace unaikidwa pomwepo, ndipo Susi ndi Chuma ndi anzao ananyamula thupi lace mpaka ku Bagamoyo, nalikaikidwa ku Westminster Abbey mu 1874. Cotero mwamuna agona ku London, mkazi ku Chupanga, mwana wao wakhanda ku Kolobeng, wacisamba ku America. Pa zaka 17 za ukwati wao anakhala pamodzi ngati theka lokha.

Sindinakambe izi kuti ndicepse nchito ya Dotolo Livingstone. Kulimbana kwace ndi malonda a akapolo kunapindulira makolo athu, ndipo makalata ace aonetsa kuti anakonda mkazi wace ndithu. Koma iye mwini, atakalamba, analemba kuti anamva cisoni posaseweranso ndi ana ace pamene anali nao ku Kolobeng, pakuti madzulo ankakhala wotopa ndi nchito. Ngati munthu wotere anavomera kulakwa kwace, ifenso tingaphunzirepo kanthu.

Coyamba, ulendo wa awiri upanganidwe ndi awiri. Amene ali ndi pakati, kapena wabereka mwana kumbuyo, ndiye amasenza katundu wolemera wa ulendowo, tsono mau ace amveke poyamba. Kukhala cete kwa mkazi si kubvomera ai. Caciwiri, mukati ndikamusiye kwathu, dzifunseni ngati kwanuko ndi kwaonso. Ife a cikamwini ndi citengwa tidziwa kulemera kwa kukhala pa mudzi wa eni. Musasiye mnzanu kwa apongozi popanda pangano lomveka la ndalama, la munda ndi la tsiku lobwera, ndipo tsikulo mulisunge. Cacitatu, mukafika kumudzi musathere masiku onse pa misonkhano ndi pa mabwalo a mowa, kuonetsa zobvala za ku Joni. Patulani masiku a ana, mukaone aphunzitsi ao, mukhale nao pa mphasa madzulo. Mwana sakumbukira mtengo wa nsapato zimene munamugulira, akumbukira ngati munalipo.

Ife tiri ndi mwai umene banja lija linalibe. Iwo sanadziwe kuti malungo amadza ndi udzudzu, pakuti Ronald Ross anatsimikiza zimenezi mu 1897. Ife tiri ndi masikito ogonamo, ndipo kuyezetsa magazi ku cipatala sikutenga ola. Kalata yao inkayenda miyezi, ife foni iri m'thumba. Wosatumiza mau kwao lero alibe ponamizira.

Akulu anati kwanu nkwanu, m'thengo mudalaka njoka. Mau amenewa ndi oona, koma m'banja muli anthu awiri, ndipo aliyense ali ndi kwao. Inu amene muli pa ulendo usiku uno, kaya m'basi, kaya m'lole pa cipata ca Chirundu, kambiranani za tsiku lopita kumudzi, ndipo mukambirane za midzi yonse iwiri.