Malume Akubwerera Kumudzi: Mawu a Mlendo Wolemekezeka pa Mwambo Wotsanzikana ku Mamelodi, Pretoria

 

Bambo amene agona m'bokosimu ankatchulidwa malume ngakhale ndi anthu omwe sanali a mbumba yawo. Mnyamata akatsika basi ku Bosman atanyamula kachikwama ndi nambala ya foni papepala, nthawi zambiri nambalayo inkakhala ya iwowa. Ankakamutenga, kumuyalira matiresi pansi, kumuphikira nsima ndi usipa wobwera nawo anzawo kuchokera kumudzi. Kukacha ankaima naye pamsewu n'kumuphunzitsa kaimikidwe ka taxi ndi zala, chifukwa kuno ukalakwitsa chala umakatsikira kwina. Ambiri mwakhala panonu ganyu yoyamba munaipeza chifukwa cha pakamwa pawo.

Kwathu malume ndiye mwini mbumba. Ukwati wa mwana wa mlongo wawo suyenda popanda iwo, mlandu ukagwa ndi iwo amakaima kwa amfumu. Joni sinawalande udindowu, ndipo si zachilendo. Kamuzu Banda ali mnyamata, mu 1917, analowa m'dziko lino limodzi ndi malume ake, a Hanock Msokera Phiri. Anagwira ntchito pa mgodi wa malasha ku Dundee, kenako pa mgodi wa golide ku Boksburg. Amene anadzakhala mtsogoleri wa dziko anayamba ndi kutsata mapazi a mlongo wa mayi ake.

Komatu msewu wa ku Joniwu wadya ambiri. Pa 4 April 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown, ndipo Amalawi 74 obwerera kumudzi kuchokera ku migodi anafera pomwepo. Ena anangotchona, manda awo abale sawadziwa mpaka lero. Nkhani zimenezi malemuwa zinkawawawa kwambiri, n'chifukwa chake sankanyengerera pa za msonkho wa maliro. Mwezi ukatha ankayenda khomo ndi khomo ndi kope lawo lopindika m'makona, kulemba amene wapereka, kudzudzula mwaulemu amene wazemba. Ena ankawaona ngati ovuta. Koma malemuwa ankachita bwino, ndipo lero kope lomwelo ndi limene likuwanyamula.

Kutumiza maliro kumudzi si ntchito yamasewera. Pamafunika chikalata cha imfa cha ku Home Affairs, chikalata choti thupi lakonzedwa, chilolezo cha a zaumoyo, ndi kalata ya ku ofesi ya kazembe wa Malawi ku Arcadia. Zikatha izi galimoto igwire N1, kudutsa Polokwane ndi Musina, kukaima pamzere ku Beitbridge, kenako Masvingo, Harare, Nyamapanda, kuwoloka Zambezi pa Tete, mpaka kukalowa pa Mwanza. Ndi makilomita oposa 1,500, ndipo kumudzi alongo awo akhala pasiwa masiku onsewa, adzukulu akungodikira uthenga kuti ayambe kukumba.

Mapepala onse atheka. Galimoto inyamuka mawa m'bandakucha, ndipo ana awiri a alongo awo aperekeza thupi mpaka kumudzi. Buku la chipepeso lili patebulo pakhomopo, ndipo atsogoleri a gulu la msonkho wa maliro atsale pang'ono tikatseka kuti asankhe wolandira kope la malume. Abusa, mwambo wabwerera m'manja mwanu.